The Thistle ku Glasgow: kodzibayira mankhwala anamwino akuyang'anira

The Thistle ili pa Hunter Street, kum'mawa kwa mzinda wa Glasgow, ku Scotland. Idatsegulidwa pa 13 Januwale 2025, ndipo ndi malo oyamba ku Britain komwe munthu amaloledwa kudzibaya mankhwala ozunguza bongo oletsedwa ndi lamulo pamaso pa anamwino. Amatsegula tsiku lililonse, 9 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku.

Mankhwalawo munthu amabwera nawo yekha, pamalopo sagulitsa, ndipo kugawana nkoletsedwa. Osakwana zaka 18 salowa. Akalembetsa amauza namwino chimene watenga, n'kulandira jakisoni watsopano, madzi oyera ndi kasupuni kosungunulira. Malo odzibayira alipo 8, ndipo ali ndi magalasi kuti namwino aziona nkhope ya munthu ngakhale ataima kumbuyo kwake. Namwino sabaya munthu, amangolangiza za mitsempha ndi kutsuka zilonda. Kupuma kukayamba kuchepa amamupatsa okosijeni ndi naloxone. Naloxone imabweza mphamvu ya heroin ndi mankhwala a mtundu wake okha, pa cocaine siithandiza, pomwe ambiri odzibaya mumzindawu masiku ano amabaya cocaine. Palinso bafa ndi makina ochapira zovala, ndipo n'zimene zimakopa ena amene safuna n'komwe kumva za chipatala.

Ntchitoyo ndi yabwino, koma idachedwa. Ganizo lotsegula malowa lidabwera mu 2016, HIV itabuka pakati pa odzibaya mumzindawu mu 2015. Boma la Britain la ku Westminster lidakana kusintha lamulo la 1971 loletsa mankhwala ozunguza bongo, ndipo mawu akuti anthuwa adazifuna okha adali pakamwa pa ambiri. Chitseko chidatseguka Lord Advocate (mkulu wa ozenga milandu ku Scotland) Dorothy Bain atanena mu Seputembala 2023 kuti opezeka ndi mankhwala mkati mwa nyumbayi sadzazengedwa mlandu. Kunja kwa chipata, kapaketi komweko ndi mlandu.

Akamva za ofa ndi mankhwalawa, anthu amaganiza za mnyamata wogona mumsewu, chonsecho mwa anthu 1,172 amene adafa ndi mankhwalawa ku Scotland mu 2023, ambiri adali a zaka 35 mpaka 54, ochokera m'madera osaukitsitsa.

Zoperewera zilipo. Osuta mankhwalawa alibe chipinda, chifukwa lamulo loletsa kusuta m'nyumba likuwatsekereza. Usiku patsekedwa. Malowa ndi amodzi, ndipo munthu amene thupi likumunjenjemera sangakwere basi kuchoka kumapeto kwa mzinda. Anthu okhala ku Calton, dera lomwe kuli malowa, akudandaulabe ndi majakisoni otayidwa m'tinjira.