Burashi, tabuleti kapena sizasi: tijambule ndi chiyani buku la ana?

Nkhani ikatha kulembedwa, funso limene limativuta ambirife kuno ku Lilongwe ndi la zithunzi: tizipanga ndi chiyani? Njira zimene anzathu amakangana nazo ndi zitatu. Pali utoto wa madzi pa pepala, pali kujambula pa tabuleti kapena pa kompyuta, ndiye pali kudula mapepala ndi nsalu n'kumata. Ine ndimaziyeza ndi zinthu ziwiri. Kodi mwana wa m'nkhaniyo akhala ndi nkhope imodzimodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka la 32? Nanga khungu lake lituluka bwanji buku likachoka kwa osindikiza?

Utoto wa madzi ndi umene umandikoka mtima kwambiri, sindibisa. Amene anaonapo zithunzi za Niki Daly wa ku South Africa m'buku la Jamela's Dress la mu 1999 akudziwa chimene ndikunena. Kamtsikana kadzikulunga m'nsalu ya mayi ake, kakuyenda monyada mumsewu, ndipo nsaluyo imaoneka ngati ikuwuluka ndithu chifukwa utoto unasiyidwa kuti uyende wokha ndi madzi. Kufewa kumeneku n'kovuta kukupeza pa makina. Koma njirayi ili ndi zofuna zake. Pepala lake ndi lokhuthala, la 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), lomwe silipezeka m'mashopu ambiri ogulitsa makope ndi zolembera, ndipo mukayesa la fotokope la 80 gsm limakwinyika burashi ikangolikhudza. M'mwezi wa Okutobala utoto umauma musanamalize tsaya limodzi, n'kusiya mzere pakati pa nkhope. Khungu lathu lakuda limafuna kupaka mobwereza, kofiirira pamwamba pa kofiirira, ndipo mukapitirira pang'ono nkhope imasanduka matope. Choopsa kwambiri ndi mkonzi. Akanena kuti agogo aja avale duku, tsamba lonse mulijambulanso.

Apa ndi pamene tabuleti imapambana kutalitali. Pulogalamu yojambulira ya Procreate imagwira pa iPad yokha ndipo mumalipira kamodzi basi, koma iPad ndi cholembera chake si ndalama zamasewera. Krita ndi yaulere, imagwira pa Windows, Linux ndi Mac. Achinyamata ambiri amayambira pa ibisPaint, pa foni, ndi chala, ndipo ndaonapo zithunzi zochokera pamenepo zoti munthu sungakhulupirire. Ubwino wa zonsezi ndi ma layer, kutanthauza magawo osanjikizana a chithunzi: mwana payekha, mtengo wa mango pawokha, mitambo payokha. Duku la agogo mumaliwonjezera musanamalize kumwa tiyi. Mtundu wa khungu la mwanayo mumausunga, n'kumautenga womwewo tsamba lililonse, choncho sasintha kukhala mwana wina pakati pa buku. Magetsi akazima, wa tabuleti amapitiriza ndi batire pamene wa kompyuta ya pa desiki wangokhala manja m'khosi.

Koma sikirini imanamiza. Imawala kuchokera kumbuyo ndipo imapanga mitundu posakaniza kuwala kwa mitundu itatu (RGB), pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi (CMYK). Chithunzi chimene chimang'anima pa tabuleti chimatuluka chozimirira pa pepala, ndipo amene amavutika kwambiri ndi ana athu akhungu lakuda: mphuno ndi pakamwa zimamira, n'kutsala maso okha. Izi zimandipweteka ndikaziona m'buku lomwe wina analikhetsera thukuta. Mankhwala ake ndi kuwalitsako khungu pang'ono kuposa mmene diso likufunira, kuika kuwala pamphumi ndi m'masaya, ndiponso kusindikiza tsamba limodzi loyesera musanapereke buku lonse. Fayilo iyambe pa 300 dpi (kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi pa inchi imodzi) kuchokera tsiku loyamba, chifukwa kuikuza pambuyo pake kumangoiphwanya, ndipo chithunzi chipitirire mamilimita atatu kunja kwa malire a tsamba kuti mpeni wodulira usasiye kamzere koyera. Vuto lina ndi la ife eni. Zithunzi zambiri za pa tabuleti zikufanana, ana amaso akuluakulu osalala ngati zidole za pulasitiki, oti simungadziwe ngati akukhala ku Kawale kapena kunja kwa dziko.

Kudula ndi kumata anthu amakuona ngati ntchito ya ana a sukulu ya mkaka, koma taonani zimene Elizabeth Zunon anachita m'buku la ana la 2012 lofotokoza za William Kamkwamba wa ku Kasungu, The Boy Who Harnessed the Wind. Iye anajambula anthu a m'bukumo ndi utoto wa mafuta, zina n'kuzipanga ndi mapepala odula. Kwa mnyamata amene anamanga makina a mphepo ndi zidutswa zotola, njira imeneyi inagwirizana ndi nkhaniyo kwambiri. Eric Carle, wojambula mabuku a ana wa ku America, nayenso ankapaka utoto pa mapepala opyapyala n'kumawadula. Kwa ife zipangizo zili pafupi: tizidutswa ta chitenje timene atelala a mumsika amasesa madzulo, pepala la thumba la simenti lopangira khoma la nyumba kapena nthaka ya m'munda. Pamene njirayi imafooka ndi pa nkhope, pakuti sizasi satha kudula mantha kapena manyazi a mwana. Komanso sikana zambiri zimalekera pa A4, ndipo kujambula ndi kamera kumabweretsa mithunzi m'mphepete mwa zomatazo.

Mukandifunsa, ine ndingasankhe kusakaniza. Mizere ya nkhope ndi thupi ijambulidwe ndi pensulo kapena inki pa pepala, chifukwa dzanja limanjenjemera pang'ono ndipo moyo wa chithunzi uli m'menemo. Kenako sikanani, mupake mitundu mu Krita, ndipo diresi la mayi mulidule kuchokera ku kansalu kamene mwasikana. Mtengo wake ndi wochepa ndipo mkonzi akasintha maganizo simulira. Amene alibe kompyuta koma dzanja lake linazolowera burashi asadzione wotsalira, angoyamba wajambula mwana wakeyo pa pepala limodzi, akuseka, akulira, akuthamanga, chakumbuyo ndi cham'mbali, n'kulipachika pakhoma kuti aziliona tsamba lililonse.

Zoonera kwa anzathu zilipo zambiri zaulere. African Storybook ndi Book Dash, onse a ku South Africa, amaika mabuku awo pa intaneti, ndipo a Book Dash amasonkhanitsa wolemba, wojambula ndi wokonza masamba kuti amalize buku m'maola 12. Mukamawaona, komanso mukapita ku National Library ku City Centre, yang'anani kwambiri mmene wojambula aliyense wachitira ndi khungu lakuda pa tsamba la usiku, ndi malo amene wasiyira mawu.