Mawilo a 700C pa Raleigh ya malume: ndemanga patatha miyezi isanu

Njinga ndikunenayi si ya kabaza ayi. Ndi Raleigh yakale yopyapyala, ya mahandulo opindikira pansi, imene malume anandisiyira. Magiya ake anafa kalekale, ndipo malumewo m'malo mosaka ena anangochotsa zonse n'kumanga sipuloketi imodzi pa habu. Ndiye kuti ilibe fuliwilo: wilo lakumbuyo likamazungulira, mapedulo nawo akuzungulira, ufune usafune. Odziwa amaitcha fixed gear. Ana a kusukulu komwe ndimaphunzitsa amangoti "njinga yosapumitsa".

Ndimakhala chakunjira ya ku Mtunthama. Tsiku ndi tsiku ndimayenda njira yafumbi kupita kuntchito, Loweruka ndimatsata tala mpaka pa boma la Kasungu. Malimu ake akale anali achitsulo, a 27 x 1 1/4, ndipo lakumbuyo linali litadyeka ndi dzimbiri mkati moti masipoko ankazuka limodzilimodzi. Ndinagula mawilo awiri omangiratu a 700C, a aluminiyamu, masipoko 32 wilo lililonse, pa shopu ina ku Lilongwe. Ndalama yake inandipweteka, osanama, makamaka utawonjezapo thiransipoti. Koma ndiyambe ndi chimene chinandizunguza mutu ndisanagule n'komwe.

Manambala a 26, 27 ndi 28 amene timatchula kumsika ndi mayina chabe, ngati kumutcha munthu Wamtali pomwe ali wamfupi. Nambala yeniyeni imalembedwa m'mbali mwa tayala ndi timalemba ting'onoting'ono, mwachitsanzo 32-630. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu pamene tayala limakhazikika, zonse m'mamilimita. Limu la 27 ndi 630. La 700C ndi 622. La njinga zathu zonyamulira makala ndi matumba, lija timati 28 x 1 1/2, ndi 635. La mountain bike, 26, ndi 559. Chosokoneza n'chakuti matayala ena a 622 amalembedwanso kuti 28, kotero pali 28 wamkulu kuposa 27, palinso 28 wamng'ono kuposa 27. Ine ndinaphunzira izi ndi ndalama zanga. Mawilo atangofika ndinkafuna tayala lapadera losunga, ndipo mnyamata wina wogulitsa zipangizo za njinga anandiuza motsimikiza kuti, "Bwana, 28 ndi 28 basi, tengani ili." Kunyumba tayalalo linangolowa pa limu ngati chipewa cha abambo pamutu pa mwana. Linali 635. Mamilimita 13 okha, koma ngakhale upope mpaka mawa silingagwire. Ndinapatsa neba wanga wa kabaza, anathokoza kwambiri.

Amisiri amene amandikonzera njinga, bambo wachikulire wokhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ankafuna ndiike 26. "Aphunzitsi, 26 tayala lake mulipeza paliponse, ngakhale pa Chatoloma kapena pa Santhe. Izi za ku Lilongwezi mudzalira nazo." Pa nkhani yopezeka ananenadi zoona. Koma kuchoka pa 630 kufika pa 559, limu limatsika pafupifupi mamilimita 35 kuchokera pomwe labala za mabuleki zimagwira, ndiye buleki singafikepo. Choopsa koposa, njinga yonse imayandikira pansi. Pa njinga wamba, pokhota umaimitsa pedulo la mbali imene ukukhotera lili m'mwamba. Pa yangayi palibe kuimitsa. Pedulo likagunda pansi pa kona, wilo lakumbuyo limanyamuka ndipo iwe umakalankhula ndi nthaka. Ndinakana.

Kukhalabe pa 27 kukanathekanso. Njinga zina zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan zimabwera ndi 27 x 1 3/8, amenenso ndi 630, kotero matayala ake sanatheretu. Vuto linali habu. Ndinkafuna habu yeniyeni ya fixed, ndipo yomangiratu ndinaipeza pa 700C pokha.

Habuyo ndiyo yandikondweretsa kuposa china chilichonse, ndipo pokhapo ndikanati ndalama yanga sinapite pachabe. Ya malume ija inali habu ya fuliwilo yongomangirapo sipuloketi. Ukati uchepetse liwiro pobweza miyendo mwamphamvu, sipuloketi inkatha kumasuka, miyendo n'kumangozungulira m'malere njinga ikupita. Zinandichitikira kawiri, kamodzi ndikutsetsereka kulowera pa kamlatho. Yatsopanoyi ili ndi mazinga awiri: a sipuloketi, kenako ang'onopo a kamphete kotsekera, ndipo a kampheteko amamangira chakumanzere. Sipuloketi ikafuna kumasuka imangokankha kampheteko kuti kalimbe. Mbali inayo ya habu ili ndi mazinga a fuliwilo, kuti tsiku limene maondo akana ungotembenuza wilo. Sindinatembenuzebe, koma mkazi wanga akuti masiku ake akuyandikira.

Poika, kusiyana kwa 630 ndi 622 ndi mamilimita 8, ndiye labala za mabuleki ziyenera kutsika mamilimita 4. Kutsogolo zinatsika bwinobwino. Kumbuyo kunaperewera pang'ono, amisiri anapala kamng'alu ka buleki ndi tupa yozungulira mpaka labala inakhala pa limu osakhudza tayala. Musanagule, yang'anani ngati mabuleki anu ali ndi malo otsikira amenewa. N'zosavuta, ndi kungomasula kanati kamodzi. Felemu yanga kumbuyo ndi yotakasuka mamilimita 126 pomwe habu ndi 120, choncho tinaika mawashala a mamilimita 3 uku ndi uku kuti tcheni iyende chowongoka. Mwayi wina, felemu zakalezi zili ndi malo olowetsa ekiselo ataliatali chopingasa, ndiye tcheni umaikoka pongosendeza wilo chakumbuyo n'kumanga ndi sipanala ya 15.

Tsopano zowawa. Mawilowa anabwera ndi matayala a mamilimita 25, owonda ngati chala. Pa tala wa M1 amathamanga ngati akuthamangitsidwa, koma pamchenga wa njira yakwathu amamira, mahandulo n'kumapita kwawokwawo. Mlungu woyamba chubu chinaphulika kawiri, ndipo kawiri konseko bowo linali chamkati, osati kumene kumabaya minga. Titavula tinapeza kuti kalamba kophimba mabowo a masipoko kanali kapulasitiki kopyapyala, katasendekera pambali, m'mphepete mwa bowo mukucheka chubu. Kanthu kotchipa chotere pa mawilo a mtengo wotere, zinandinyansa. Ndinasintha n'kuika kansalu kolimba, kuyambira pamenepo zii.

Patatha milungu itatu wilo lakumbuyo linayamba kuvina, limu likupsompsona labala ya buleki pa kuzungulira kulikonse, tswi, tswi, tswi, njira yonse. Masipoko anali atamangidwa mwaulesi. Amisiri anakhala nalo masana onse, njinga ataigadamiza, choko m'manja, akulemba pomwe limu lakhota n'kumamanga sipoko pang'onopang'ono, kwinaku akundikumbutsa za 26 yawo ija. Chiwongolereni sichinakhotenso, ngakhale m'mabampu. Ndiye limulo palokha ndi labwino; amene analimanga ndiye anali pachangu.

Valuvu nayo ndi nkhani. Bowo la limu ndi laling'ono, la valuvu yowonda ija ya Presta, ndipo machubu amene ndawaona kuno ali ndi valuvu zonenepa zosalowa. Pampu ya amisiri nayo sinagwire. Ndinagula kachitsulo kolumikizira kamene ndimasunga m'chikwama cha ndalama pamodzi ndi chiphaso, ndipo machubu ndimaitanitsa awiriawiri wina akamapita ku Lilongwe. Ena anati tingoboola limu ndi dirilo. Limu langa ndi lowonda, sindinalole.

Chimene chinasintha zonse ndi kuchotsa matayala a 25 aja n'kuika a 32. Apa ndi pomwe 700C yaposera 27 pa felemu yakale: popeza limu latsika mamilimita 4, pansi pa foloko patsala mpata woti tayala lonenepa lilowe. Tayala lonenepalo limabwezanso gawo la msinkhu umene unatayika, kotero pedulo silinagundepo pansi. Mchenga tsopano ndimaudutsa ndili pachishalo. Matope a nthawi ya mvula amamatirirabe pa foloko, ndimaima n'kutokosa ndi kamtengo, koma ndi 27 wonenepa sindikanayenda n'komwe. Ndipo mvula ikagwa, limu la aluminiyamu limagwira buleki. Lachitsulo lija likanyowa unkafinya mpaka zala kuwawa njinga ikungopitirira. Amene anakwerapo njinga zakale mvula ikugwa akudziwa pemphero lake.

Sipuloketi imene inabwera nawo inali ya mano 16, ndipo kutsogolo ndili ndi 46. Kupalasa kamodzi njinga imayenda mamita 6 ndi kakusefukira. Kasungu ndi wachidikha ndithu, koma mphepo ya mwera mu Julayi ikakupeza chamaso, giya imeneyi imasanduka chilango. Ndinaika ya mano 18, imene imapereka pafupifupi mamita 5 ndi theka. Potsetsereka miyendo imazungulira ngati chigayo, ana amaseka, koma maondo akhala chete.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu ndi theka. Habu ndi limu zikanatenga zisanu. Kalamba, masipoko ndi matayala owonda aja ndi zimene zadya zinazo. Kwa amene ali ndi felemu yakale ya 27 ndipo mabuleki ake ali ndi potsikira, ndingati gulani, koma muuze wogulitsa asinthiretu matayala akhale a 32, mutengenso machubu apadera, ndipo musanakwere pitani nawo kaye kwa amisiri akamange masipoko. Kwa amene amanyamula matumba a chimanga kapena mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma, mawilo awa si anu, khalani pa 635.

Limu lakutsogolo la malume lija sindinataye. Mwana wanga wamng'ono anachotsa masipoko onse, ndipo panopa akuliyendetsa ndi kamtengo kuzungulira nyumba.