Hositelo, Kotazi Kapena Nyumba Yogawana: Kogona Wophunzira Udokotala ku Blantyre

Wophunzira amene wasankhidwa kukachita maphunziro a udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences amafika ku Blantyre mtima uli pa mabuku, koma sabata yoyamba isanathe amazindikira kuti nkhani ya pogona ndiyo yayamba kumusowetsa tulo. Sukuluyi inapangidwa m'chaka cha 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo kampasi yake ya mumsewu wa Mahatma Gandhi ili pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene tonse timachitcha Gulupu. Pamene College of Medicine inkatsegulidwa mu 1991 ophunzira anali owerengeka, koma lero tachuluka kuposa zipinda za pasukulu, choncho ambiri timakathera m'nyumba za lendi.

Ndikulembera anzanga amene akubwera pambuyo pathu, ndipo muyeso umene ndikuyerekezera malowa si mtengo wa lendi wokha. Funso limene ndimayamba nalo ndi ili: mukatuluka ku wodi usiku, mwatopa, foni yatsala pang'ono kuzima, mukafika bwanji pa bedi lanu? Wophunzira maphunziro ena akhoza kuweruka dzuwa likadalipo, koma ife zaka za kuchipatala zikayamba timaweruka pamene ntchito yatha, ndipo mayi amene ali m'matenda ku Chatinkha, wodi ya amayi oyembekezera ya ku Gulupu, sayang'ana wotchi.

Pa muyeso umenewu hositelo ya pasukulu ilibe inzake. Mumayenda wapansi kupita ku kalasi, ku laibulale ndi ku chipatala, pachipata pamakhala alonda, ndipo simukangana ndi munthu za mayuniti a magetsi kapena bilu ya madzi. Ubwino wina umene anthu sautchula kawirikawiri ndi wakuti amene ali patsogolo panu m'maphunziro mumakhala nawo pamodzi. Chinthu chimene chakukanikani m'buku la anatomy, phunziro la ziwalo za thupi, wa chaka chachinayi akhoza kukumasulirani pa khonde m'mphindi zochepa. Zovuta zake n'zodziwika: chipinda mumagawana ndi munthu amene simunamusankhe, phokoso silikhala m'manja mwanu, ndipo kuphika momasuka monga kwanu sikutheka, zimene zimakweza ndalama ya chakudya. Koma chachikulu n'chakuti malo ndi ochepa, ndipo kuwapeza chaka chino sikutanthauza kuti mudzawapezanso chaka chamawa. Kwa wophunzira watsopano amene sakuudziwa mzinda wa Blantyre, ine ndinganene mosajejema kuti akapatsidwa malo awatenge.

Amene asowa malo ku hositelo, ndipo makolo awo ali ndi kangachepe, amayang'ana kotazi, kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, m'madera monga Mandala, Mount Pleasant ndi Sunnyside. Kumeneku kuli bata lenileni. Mpanda ulipo, mitengo ilipo, ndipo munthu akhoza kuwerenga mpaka tambala woyamba popanda wailesi ya woyandikana naye kumusokoneza. Komabe kotazi ili ndi msampha umene suoneka masana pamene mukuyendera nyumbayo, ndiwo wakuti mukukhala pakhomo pa munthu wina, pansi pa malamulo ake. Ndinakhalako miyezi ingapo pa nyumba ina yotere, ndipo eni ake anali anthu abwino, koma geti ankakhoma ikangokwana naini koloko n'kumasula agalu. Tsiku lina nditachedwa ku wodi ya amayi oyembekezera ndinaima kunja kwa mpanda nthawi yaitali, mvula ikuwaza, ndikuchita manyazi kudzutsa anthu achikulire amene anali atagona. M'mawa mwake ndinapempha kiyi wanga wa geti, anandikaniza mwaulemu, ndipo mwezi utatha ndinasamuka. Musanalipire kalikonse pa kotazi, funsani za kiyi wa geti, za alendo, ndiponso ngati mita ya magetsi ndi yanuyanu kapena yogawana ndi nyumba yaikulu, chifukwa pamene mita ili imodzi, wa m'kotazi amene ali ndi nyale ziwiri ndi laputopu amapezeka akuthandiza kulipirira mafiriji ndi giza ya eni nyumba. Kumbukiraninso kuti m'misewu ya mkati mwa madera amenewa minibasi sizidutsa, msika uli patali, ndipo usiku misewu yake imakhala zii, zimene si zabwino kwa woyenda yekha.

Njira imene ambiri a ife tinaipeza yopepuka ndiyo kusonkhana atatu kapena anayi n'kutenga nyumba yathunthu ku Chitawira, ku Naperi kapena ku Nkolokosa. Madera amenewa ali ndi nyumba zambiri zomangidwa mwadongosolo, zina mwa izo za m'nthawi imene Malawi Housing Corporation inkamanga midzi ya ogwira ntchito, ndipo madzi a m'mpope ndi chimbudzi cha madzi zimakhala m'nyumba momwemo. Kuchokera ku Chitawira munthu amatha kufika ku Gulupu wapansi, msika uli pafupi, ndipo ngakhale madzulo pamsewu pamakhala anthu. Lendi, mayuniti, makala ndi ufa zikagawidwa panayi zimanyamulika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mwambiwu umakwanira ndendende. Kuipa kwake n'kwakuti nyumba zimenezi timalimbirana ndi ophunzira a ku yunivesite ya Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS), imene ilinso pafupi ndi Ginnery Corner, kotero zabwino zimatha sukulu isanatsegulidwe, ndipo eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi.

Pa nyumba yogawana pali mfundo imene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndiyo imaphwanya maubwenzi ambiri. Maphunziro a udokotala sachitikira ku Blantyre kokha. Nthawi ina mudzatumizidwa ku Lilongwe kukaphunzira pa chipatala cha Kamuzu Central, nthawi ina ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa m'midzi ndi wa mabanja, ndipo za matenda a maganizo zimakufikitsani ku Zomba Mental Hospital. Mukachoka kwa milungu ingapo, lendi ya ku Chitawira siima. Mukakhala nonse a gulu limodzi, mumachoka pamodzi, nyumba imatsala yopanda munthu, mukulipirira zipinda zogona makoswe ndipo akuba amaidziwa msanga nyumba imene nyale zake siziyaka. Mukakhala a magulu osiyana, nyumba imakhala ndi mlonda nthawi zonse, koma pamabuka funso lakuti amene wachoka alipire zingati. Kwa ife chimene chinathandiza chinali kugwirizana tisanalowe, ndi kulemba papepala, kuti wochoka alipira gawo lake lonse la lendi koma salipira magetsi, madzi ndi chakudya. Tinagwirizananso kuti mayina athu tonse alembedwe pa chikalata cha mgwirizano ndi landilodi, popeza pamene dzina lili la munthu mmodzi, iyeyo ndiye amagogodedwa pakhomo anzake akachedwetsa ndalama. Izi zimachitika ngakhale pakati pa anthu okhulupirika, chifukwa tsiku limene ndalama ya ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board kapena ya makolo imafika silikhala lofanana ndi tsiku limene mwini nyumba amayembekezera yake.

Chipinda cha pamdadada ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Manja kapena ku Chilobwe ndicho chotsika mtengo pa zonsezi, ndipo sindingachinyoze, chifukwa alipo madokotala ambiri amene anawerengera mayeso awo m'zipinda zotere ndipo lero akupulumutsa miyoyo. Koma powerengetsera, muziphatikiza lendiyo ndi ndalama ya minibasi ya m'mawa uliwonse, komanso ya kabaza wa njinga yamoto usiku pamene minibasi zaleka kuyenda. Mitengo imeneyi imayendera mafuta. Boma litatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, anzathu okhala kutali ndiwo anayamba kumva ululu, ndipo mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni iwowo ndiwo amachedwa ku wodi. Aliyense amene waphunzirako ku wodi ya ovulala mafupa amadziwanso zimene ngozi ya kabaza imachita pa mwendo wa munthu, kotero kudalira njinga yamoto usiku uliwonse si chinthu chochipeputsa. Pamwamba pa izi pali madzi a pakiyosiki ndi chimbudzi chokumba chogawana ndi mabanja angapo. Amene tinaona odwala kolera m'mliri wa 2022 ndi 2023 sitingalephere kufunsa kuti chimbudzicho chili pati poyerekeza ndi pophikira. Ndipo chimphepo cha Freddy cha mu March 2023, chimene chinagumula matope ndi miyala ya m'phiri la Soche kugwetsera pa nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja, chinatiphunzitsa kuyang'ana kumtunda kwa nyumba: ili m'khwawa kodi, kapena m'mphepete mwa mtsinje, kapena pamtsetse pamene madzi amasefukira?

Madzi ndi magetsi zimakhudza malo onse anayiwa, ngakhale mosiyana. Madzi ambiri a mzinda uno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, n'kukwezedwa mtunda wautali kufika ku Blantyre, choncho magetsi akavuta madzinso amavuta, ndipo nyumba za pamtunda ndizo zimayamba kuuma mipope. Chimphepo cha Ana chitaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa miyezi yambiri kuzimazima kwa magetsi kunali moyo wa tsiku ndi tsiku. M'nthawi ngati imeneyo wokhala pafupi ndi kampasi amatha kunyamula mabuku kukawerengera kumeneko, pamene wa kutali amatsala ndi tochi ya foni. Za kabweredwe ka madzi musafunse landilodi kapena dobadoba amene wakulondolerani nyumbayo. Funsani mayi amene akuchapa pakhomo loyandikana, iye adzakuuzani masiku amene mpope umauma. Dobadobayo musamutumizirenso ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money musanalowe m'chipindacho ndi kukumana ndi mwini wake maso ndi maso.

Kwa alongo athu, nkhani ya chitetezo imalemera kuposa zonse zimene ndatchulazi. Kotazi ya mumpanda imateteza mukalowa, koma njira yokafikako ndiyo yoopsa. Nyumba yogawana ku Chitawira imapereka mwayi woweruka awiriawiri kapena kuitana mnzanu kuti adzakuchingamireni pamsewu.

Ndikanayambiranso, zaka zoyambirira za m'kalasi ndikanalimbikira hositelo, ndipo zaka za kuchipatala ndikanatenga nyumba yogawana ya mtunda woyenda wapansi kuchokera ku Gulupu, ndi anzanga atatu a magulu osiyana. Kotazi ndikanailola pokhapokha atandipatsa kiyi wa geti ndi mita yangayanga. Mdadada wa kutali ndikanautenga thumba litakanitsitsa, ndipo ngakhale pamenepo ndikanayamba ndapempha mnzanga wa ku hositelo kapena wa ku Chitawira kuti azindisungira mphasa masiku amene ndili pa ntchito ya usiku.