Kugumula timu n'kuyambiranso, kapena kulimbikira ndi omwe alipo?

Mkangano umenewu umabuka chaka ndi chaka February akamayandikira, nthawi imene matimu a NBA, ligi ya basketball ya ku America, amatsekera kusinthana osewera. Timu yanu ili pa nambala 10 kapena 11 m'chigawo chake, katswiri wanu wadutsa zaka 30, ndipo masapota agawikana. Ena akuti gulitsani onse tiyambirenso. Ena akuti onjezerani wosewera mmodzi wabwino, tikhoza kufika patali. Ine ndakhalapo mbali zonse ziwiri, ndipo panopa ndimaona kuti nthawi zambiri timakangana pa funso lolakwika.

Mkanganowu ulipo chifukwa cha momwe ligiyi idapangidwira. Mwa matimu 30, palibe imene imatsitsidwa m'ligi ngakhale itagonja masewero onse 82. Chinanso, matimu ofooka ndiwo amayamba kusankha achinyamata pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankhira osewera atsopano olowa m'ligi, ndipo achinyamatawo amasewera zaka zinayi zoyambirira pa malipiro otsika poyerekeza ndi luso lawo. Choncho kugonja kuli ndi mphotho yake. M'ligi momwe timu yotsiriza imatuluka, palibe angayerekeze kulankhula zogonja dala.

Ofuna kugumula amakonda kutchula Oklahoma City Thunder, ndipo ali ndi mfundo. Mu 2019 Sam Presti, mkulu woyendetsa timuyo, adatumiza Paul George ku Los Angeles Clippers n'kulandira Shai Gilgeous-Alexander, Danilo Gallinari ndi mwayi usanu wosankha m'raundi yoyamba ya draft. Russell Westbrook nayenso adapita ku Houston chilimwe chomwecho. Ululu udabwera koma sudakhalitse: adapambana masewero 22 mu sizoni ya 2020-21, 24 m'sizoni yotsatira, kenako 40, kenako 57, ndipo mu 2024-25 adapambana 68 n'kutenga chikho. Koma tayang'anitsitsani pamene panachokera mphamvuyo. Gilgeous-Alexander sadabwere chifukwa chogonja, adabwera pa msintho. Jalen Williams adasankhidwa pa nambala 12 mu 2022 pogwiritsa ntchito mwayi wochokera ku Clippers. Mwa atatu otsogolera timuyo, Chet Holmgren yekha ndiye adapezeka chifukwa cha kugonja kwa timu. Chimene Presti adachita bwino ndi kugulitsa mtengo udakali pamwamba, katundu asanayambe kuwola.

Philadelphia 76ers ndiyo idayesa njira inayo, yogonja mosabisa kwa zaka zingapo. Pansi pa mkulu wake Sam Hinkie, kuyambira 2013 mpaka 2016, timuyo idapambana masewero 47 okha n'kugonja 199. Sizoni yomaliza idapambana 10. Zokolola zake zinali Joel Embiid, Jahlil Okafor ndiponso, Hinkie atachoka kale, Ben Simmons ndi Markelle Fultz. Embiid adadzakhala wosewera wopambana onse m'ligi mu 2023, ndiye sitinganene kuti zonse zidapita m'madzi. Komabe enawo adachoka mmodzimmodzi, ndipo gulu limene lidamangidwa pa Embiid lidakanika kudutsa raundi yachiwiri ya ma playoff, masewero a ndime yachipulula olimbirana chikho, chaka ndi chaka. Zaka zitatu masapota akugula matikiti kukaonera timu yomwe eni ake sakufuna kuti ipambane, malipiro ake n'kukhala amenewo.

Ndipo lero njirayi idavutirapo. Kale timu yotsiriza inkakhala ndi mwayi wa maperesenti 25 wopata nambala 1 pa mayere a draft. Kuyambira 2019 matimu atatu otsiriza adayamba kupatsidwa maperesenti 14 iliyonse, ndipo yotsirizitsa inkatha kugwera mpaka pa nambala 5. Detroit Pistons imazidziwa bwino zimenezi. Idali yotsiriza mu 2023, idagwera pa 5. Mu sizoni ya 2023-24 idagonja masewero 28 motsatizana, idamaliza ndi 14 okha opambana, idagweranso pa 5, pamene Atlanta yomwe inali ndi mwayi wa maperesenti 3 idatenga nambala 1. Mu 2025 Utah idatsiriza ndipo idagwera pa 5, Dallas n'kutola Cooper Flagg ndi mwayi wosakwana maperesenti 2. Munthu akakuuzani kuti tigonje chaka chino kuti tipeze mwana wodabwitsa, mukumbutseni kuti pa mwayi wa maperesenti 14, pa maulendo asanu ndi awiri, mayerewo amamugwera kamodzi kokha. Inde, San Antonio idapata Tim Duncan mu 1997 ndi Victor Wembanyama mu 2023. Mwayi wa mnzako sungaulembe pa pulani yako.

Pali kanthu kenanso kamene ma peresenti saonetsa. Mnyamata wa zaka 19 amene akugonja usiku ndi usiku, popanda wamkulu womudzudzula akasiya kutchinga, amaphunzira kuthamangitsa ma pointi ake basi. Chizolowezi chimenecho sichichoka msanga.

Tsono a mbali inayo, olimbikira. Chitsanzo chawo chokondedwa ndi Miami Heat ya Pat Riley, yomwe katswiri wake LeBron James atachoka mu 2014 idakana kugumula. Idasankha Bam Adebayo pa nambala 14, Tyler Herro pa 13, idakopa Jimmy Butler mu 2019, ndipo idafika m'ndime yomaliza mu 2020 ndi mu 2023, ulendo wachiwiriwu itayambira pa nambala 8. Toronto nayo idakhala zaka ikupunthwa m'ma playoff anthu akuti igumulidwe. Masai Ujiri, mkulu wa timuyo nthawi imeneyo, adangosintha DeMar DeRozan ndi Kawhi Leonard mu 2018, ndipo chaka chotsatira chikho chidapita ku Canada. Pascal Siakam wa ku Cameroon, mmodzi mwa mizati ya timuyo, adasankhidwa pa nambala 27. Onjezerani Giannis Antetokounmpo pa 15 ndi Nikola Jokić pa 41, onse adatengera matimu awo chikho. Akatswiri sapezeka pamwamba pokha, ndipo katswiri amene akufuna kusamuka amayang'ana timu yomwe yaima kale ndi miyendo yake.

Koma kulimbikira kuli mitundu iwiri, ndipo masapota timaisokoneza. Toronto inkapambana masewero opitirira 50 pa sizoni isanatenge Leonard, inkasowa munthu mmodzi. Chicago Bulls ndi nkhani ina: idapambana 40, kenako 39, kenakonso 39, ndipo zaka zitatu zonsezo, 2023 mpaka 2025, idatulutsidwa ndi Miami mu play-in. Osati pamwamba, osati pansi. Play-in imeneyi, yomwe imapatsa matimu a pa nambala 7 mpaka 10 mwayi wolowa m'ma playoff, yakhala chonamizira chabwino kwa eni matimu, chifukwa akhoza kuuza masapota kuti tikadali mu mpikisano pamene aliyense akuona kuti ulendowo sukupita kulikonse.

Choopsa kuposa zonsezi ndi kulimbikira pa ngongole. Mu 2013 Brooklyn Nets idapereka ku Boston mwayi wake wa draft wa 2014, 2016 ndi 2018, komanso ufulu wosinthana malo mu 2017, kuti itenge Kevin Garnett ndi Paul Pierce, onse atakalamba kale. Timuyo itagwa, idagwa chagada. Idapambana 21 mu 2015-16 ndi 20 m'sizoni yotsatira, koma phindu la kugonjako linkadyedwa ndi ena. Boston idasankha Jaylen Brown mu 2016. Mu 2017 malo a Brooklyn adasanduka nambala 1, Boston idawagulitsa kwa Philadelphia yomwe inkafuna Fultz, iyo n'kutsika pa 3 kukatenga Jayson Tatum. Wogonja dala ndi wolimbikira mopupuluma onse awiri adathandiza kumanga timu imene idatenga chikho mu 2024.

Choncho ndikamva mkanganowu sindiyamba ndi kufunsa ngati tigonje kapena tipambane. Ndimafunsa kaye ngati ma draft a zaka zikubwerazi akadali m'manja mwathu. Ngati adagulitsidwa, kugonja n'kugwirira ena ganyu, ndiye ingosewerani mwamphamvu. Kenako ndimafunsa ngati pa timupo pali wosewera wosakwana zaka 27 amene mungamangepo nyumba. Ngati alipo, muzungulireni ndi anthu oyenera, monga idachitira Indiana itapeza Tyrese Haliburton mu 2022 n'kumuonjezera Siakam mu 2024, mpaka kukafika pa sewero lachisanu ndi chiwiri la ndime yomaliza mu 2025. Ngati palibe, ndipo amene mumadalira akuyandikira zaka 32, mugulitseni chaka chino anthu akadamulimbirana, mupirire masizoni awiri, koma musiye akuluakulu awiri kapena atatu m'chipinda chovalira kuti anawo aphunzire ntchito. Zogonja dala zaka zitatu kapena zinayi ndikuzikana, makamaka pa mwayi wa maperesenti 14.