Paketi yopangira nkhata ya maliboni ya Khirisimasi: felemu ndi yabwino, riboni ndi wochepa

Mupaketi muli felemu ya waya ya masentimita 30 yokhala ndi mizere inayi, maliboni a satini ofiira ndi obiriwira, komanso timitengo ta guluu wotentha. Felemuyo ndi yolimba, sipindika mukamamanga.

Vuto ndi riboni. Kuti nkhata idzaze, pamafunika tizidutswa pafupifupi 150 ta masentimita 18, ndiye kuti mamita 27. Wa mupaketi sakwana, muguliretu wina. Satini amaterera, mfundo imodzi imamasuka yokha. Mangani kawiri, kapena sankhani riboni wamizeremizere wotchedwa grosgrain amene amagwira zolimba. Dulani nsonga mopendeketsa n'kuzidutsitsa msanga pafupi ndi lawi la kandulo kuti ulusi usayoyoke.

Guluuyo musamudalire pa chitseko chowombedwa ndi dzuwa: amafewa, zokongoletsa n'kugwa. Kawaya kopyapyala kamagwira bwino.

Kukonza sikuvuta. Kachidutswa kothothoka mungodula pamfundo n'kumanga kena. Maliboni okwinyika asiteni ndi simbi yosatentha kwambiri, mutayala kansalu pamwamba. Felemu ikachita dzimbiri ndi chinyontho, palani ndi sandipepa ndipo muipake penti isanathimbirize maliboni.