Kapinga wa pulasitiki akakalamba: chigamba kapena watsopano?

Amene muli ndi timabwalo ta mpira wa asanuasanu, a m'masukulu, a malo ogona alendo, ngakhalenso inu amene munayala kapinga wa pulasitiki pakhonde kapena kuseri kwa nyumba, zaka zikapitapo funso limakhala limodzi: tiike zigamba kapena timuchotse yense tiyale wina? Wogulitsa kapinga adzakuuzani kuti muyale watsopano. Msungichuma adzati tiyambe tapirira ndi zigamba. Ine ndimati musamvere aliyense wa awiriwa musanagwade pansi n'kuona chenicheni chimene chawonongeka, chifukwa bwalo lotere lili ndi zigawo zinayi ndipo sizikalamba nthawi imodzi.

Pamwamba pali ulusi wobiriwira uja wa pulasitiki yotchedwa polyethylene, umene pa mabwalo a mpira umatalika mamilimita 40 mpaka 60. Ulusiwo unasokeredwa pa chinsalu cholimba chooneka ngati chiguduli, chomatidwa kunsi kuti ulusi usazuke ndiponso chobooledwa timabowo todutsa madzi. Pakati pa ulusi amathiramo mchenga wouma ndi timibulu ta labala wa matayala akale: mchenga umalemeretsa kapinga kuti asasunthe, labala amafewetsa bwalo ndi kuchirikiza ulusi kuti uime chilili. Pansi pa zonsezi pali maziko a miyala ya kwale yotsenderedwa.

Vuto limene limayamba kuoneka ndi la misoko. Kapinga amabwera m'mipukutu, kawirikawiri ya mamita 4 m'lifupi, ndipo amailumikiza ndi tepi ndi guluu. Mizere yoyera yambiri nayonso amachita kudula kapinga n'kuilowetsamo, ndiye mzere uliwonse wotere uli ndi misoko iwiri. Msoko ukatseguka, palibe chokambirana: konzani, ndipo konzani sabata yomweyo. Ntchito yake ndi yochepa. Mumakokolola mchenga ndi labala mbali zonse ziwiri, n'kupinda milomo ya kapinga, n'kuchotsa tepi yakale ndi zotsalira za guluu. Pansi pakauma bwinobwino mumayala tepi yatsopano, n'kupaka guluu wa polyurethane, n'kubwezeretsa milomo ija mosamala kuti ulusi usagwere m'guluu. Kenako mumatsindika ndi matumba a mchenga usiku wonse, m'mawa n'kubwezera mchenga ndi labala zija. Guluu womatira nsapato musamuyese n'komwe, dzuwa ndi mvula adzamumatula posachedwa. Msoko wa chikhatho chimodzi ukasiyidwa, jombo zimaukola tsiku ndi tsiku, mchenga umalowa kunsi n'kumautukula, ndipo pakutha pa mwezi mumapeza mita yathunthu yayasama, mwina mwana wina atabinya kale bondo.

Chigamba ndi nkhani ina, ndipo m'pamene anthu ambiri amakhumudwa. Malo amene amatha msanga ndi odziwika: pomenyera penate, poima goloboyi ndi pachipata polowera. Kunyumba ndi pamene panagwa khala la pambaula kapena chotsalira cha ndudu, poti ulusiwu suyaka msanga koma umasungunuka n'kuuma gwa. Malo otere mukhoza kudula ndi mpeni wakuthwa, modulira m'mipata ya mizere ya ulusi, n'kumatapo chidutswa china pa tepi. Chigamba chomatidwa bwino chimakhala zaka. Koma dziwiranitu zinthu ziwiri. Ulusi wa kapinga umapendekera mbali imodzi, ndiye chidutswa mukachitembenuza chimaoneka chakuda kapena chotuwa mpaka kalekale. Chachiwiri ndi msinkhu. Chidutswa chatsopano chimakhala ndi ulusi wautali pakati pa ulusi umene unafupika kale, mpira ukafika pamenepo umasintha liwiro, phazi nalonso limamva kusiyana. Kunyumba nzeru yabwino ndi kudula chigamba pakona yobisika, kuseri kwa thanki kapena pansi pa benchi, pamene kapinga wakhala zaka zofanana ndi winayo, chidutswa chatsopanocho n'kuchiika pakonapo. Pa bwalo la mpira dulani chigamba chachikulu ndithu, choposa malo othawo, kuti misoko yake igwere pamene kapinga akadali wamphamvu.

Pakati pa chigamba ndi kapinga watsopano pali njira imene anthu amaiiwala, ndipo ndi imene ndimaikonda kwambiri chifukwa imapulumutsa mabwalo ambiri amene eni ake anawataya kale mumtima. Bwalo likaoneka lonyezimira, ulusi utagona pansi, mpira ukuthamanga mosaimika, nthawi zambiri vuto si ulusi. Labala ndiye wachepa. Amachoka pang'onopang'ono m'jombo, m'masokosi ndi m'madzi a mvula, ndipo jombo zimamukankhira m'mbali. Tengani msomali, muubaye mpaka ukhudze chinsalu cha pansi, muyeze kuya kwa mchenga ndi labala pakati pa bwalo, kenako pakona pamene anthu sapondapo kawirikawiri. Ulusi woonekera pamwamba pa labala uyenera kukhala mamilimita 15 mpaka 20. Ukaposa pamenepo umagwa, ukagwa jombo zimaupera cham'mbali, ndipo kutha kwenikweni kumayambira apo. Kuno kwathu palinso fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi ndi masamba ofumbutuka zimalowa mumchenga n'kuumata, bwalo n'kuuma ngati simenti, madzi osalowanso. Mankhwala ake ndi kugalauza mchengawo, kuchotsa zinyalala, kuonjezera mchenga wouma wosefa ndi labala, kenako kupesa ndi bulashi ya mano a pulasitiki sabata iliyonse. Ya waya ayi, imadula ulusi. Mtengo wa ntchito yonseyi ndi kachigawo kochepa chabe ka mtengo wa kapinga watsopano.

Komabe bulashi ili ndi polekezera. Tsinani ulusi ndi zala ziwiri mukoke. Ukaduka mosavuta kapena kuzuka m'chinsalu, ukakhala kuti wang'ambikang'ambika kukhala tinyenyeswa, kapena mukamapeza ufa wobiriwira pa mpira, pa masokosi a ana ndi m'ngalande mvula ikagwa, ndiye kuti dzuwa laupsereza ndipo palibe guluu kapena labala amene angaubwezeretse. Tukulaninso kona imodzi muone chinsalu. Chikamafumbutuka kapena kung'ambika pochikoka, chigamba chilibenso pogwira: mukamata apa chimang'ambikira apo. Pamenepa ndalama iliyonse yopita ku zigamba ndi ndalama yochotsedwa pa kapinga watsopano amene mudzamugulabe.

Kapinga wa bwalo loseweredwa tsiku ndi tsiku amakhala zaka 8 mpaka 10 akamasamalidwa. Chitsanzo tili nacho pafupi. Pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kapinga woyamba wa pulasitiki anayalidwa ndi thandizo la FIFA World Cup ya 2010 isanachitike, ndipo patatha zaka pafupifupi khumi anachotsedwa n'kuyalidwa wina. Bwalo limene Bullets ndi Wanderers ankasinthanapo, kuphatikizapo misonkhano ndi zochitika za boma, silikanapitirira apo ndi zigamba. Ku Rufaro Stadium ku Harare anasankha njira ina, anachotsa wa pulasitiki n'kubwerera ku kapinga womera. Njirayi ndi yabwino kwa amene ali ndi madzi okwanira chaka chonse ndipo akhoza kupumitsa bwalo. Kabwalo kochititsa lendi pa ola sikangaikwanitse.

Kwa mabwalo ofuna satifiketi ya FIFA, chisankho sichili m'manja mwa mwini bwalo yekha. Amayeza mtunda umene mpira umagubuduzika, kudumpha kwake ndi kufewa kwa bwalo, ndipo kapinga wotha amalephera ngakhale akuoneka wobiriwira. Ife a timabwalo tating'ono palibe amatiyeza, koma mawondo ndi akakolo a osewera athu ndi ofanana ndi a osewera a ligi.

Kuyala watsopano sikutanthauza kuyambiranso zonse. Maziko akakhala abwino amatsala, ndipo ndiwo anadya gawo lalikulu la ndalama poyamba paja. Koma asanayale, onetsetsani kuti mazikowo ayezedwa. Madzi akamadikha pamalo amodzimodzi ngakhale mutagalauza mchenga, kapena pakakhala chidikha chimene phazi limachimva, vuto lili pansi: dothi linatitimira, ngalande inatsekeka, mizu ya mtengo yatukula, kapena chiswe chafukula. Kapinga watsopano woyalidwa pamenepo adzatsata chidikha chomwecho mvula yoyamba. Pa njira zonse zotayira ndalama, iyi ndi imene imandiwawa kwambiri, chifukwa kukonza maziko kapinga atachotsedwa kale ndi ntchito ya masiku ochepa, pamene kuwakonza atamatidwa kumafuna kudula kapinga watsopanoyo.

Kumbukiraninso kuti kapingayu amachokera kunja. Amafuna ndalama zakunja, amadikira kontena kudoko, ndiye kuitanitsa bwalo litatheratu ndi kutseka chipata miyezi ingapo. Yambani kufunsa mitengo ulusi ukangoyamba kuduka, ndipo ntchito yoyala ichitike m'chilimwe, poti guluu ndi mchenga zimafuna pouma. Funsani kalata yolembedwa yonena zaka zimene ulusi upirire dzuwa. Funsaninso za labala: European Union inakhazikitsa mu 2023 lamulo loletsa kugulitsa timibulu totere kuyambira mu 2031, ndipo opanga ambiri ayamba kale kutulutsa kapinga wofuna mchenga wokha kapena timibulu ta cork, topangidwa kuchokera ku makungwa a mtengo. Zidutswa zotsala musawalole amisiri kupita nazo, ndi zigamba zanu za mtsogolo. Za kapinga wakaunjika, wochotsedwa m'mabwalo a kunja, chenjerani: anthu sachotsa kapinga amene akadali ndi moyo wambiri. Woyala m'njira kapena pansi pa makatungwe a ana angathandize, koma wa mpira mukokeni ulusi musanalipire.

Ndikaika zonsezi pamodzi, ndimaona kuti a kunyumba amafulumira kusintha, a mabwalo a mpira amachedwa. Kapinga wa pakhonde sapondedwa ndi jombo, amatha kupitirira zaka khumi, ndipo akangotuwa pang'ono kapena kupsa pamodzi, chigamba, mchenga ndi bulashi zimakwanira. Pa bwalo la mpira, zigamba zikachuluka moti mwezi uliwonse pali msoko wina womata, lekani, sinthani. Mwini kabwalo ka lendi azipatula kangachepe pa ola lililonse kuyambira tsiku lotsegulira, chifukwa tsiku losintha limadziwika kale.

Kapinga wakaleyo musamutenthe, utsi wa pulasitiki ndi labala ndi woipa kwa inu ndi kwa oyandikana nawo. Musamutayenso m'khwawa, timibulu tija timathera mumtsinje. Mukung'untheni pa tenti kuti mchenga ndi labala zitsale pamodzi, mudule mbali zimene zikadali bwino, makamaka za m'makona, mukayale m'njira ya kuchipata kapena pamene osewera amavalira jombo.