Phingo ndi mlombwa: uli pachiopsezo kwambiri ndi uti?

Mitengo iwiriyi ndi ya fuko limodzi ndi nyemba, la Fabaceae, ngakhale maonekedwe ake amasiyana kutalitali. Phingo, Dalbergia melanoxylon, ndi wamfupi, wopindikapindika, waminga, maluwa ake oyera, ndipo mtima wa thunthu lake ndi wakuda bii, wolemera moti umamira m'madzi. Mlombwa, Pterocarpus angolensis, umachita maluwa achikasu, ndipo ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi.

Pa mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, phingo ali m'gulu la mitengo yoyandikira chiopsezo. Mlombwa uli m'gulu la mitengo yosadetsa nkhawa kwenikweni, koma zimenezi zisatinamize: chiwerengerocho n'cha mayiko onse kumene umamera, pomwe kuno mlombwa wonenepa wocheka matabwa ukusowa. Mbande zake zimatha zaka zikuphukira n'kupsanso ndi moto wolusa.

Phingo amakula pang'onopang'ono, amatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti akhwime, pomwe osema ziboliboli ndi opanga zitoliro kunja amafuna thunthu lokhwima. Malonda ake akunja amafuna chilolezo cha CITES (pangano la mayiko lowongolera malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pachiopsezo) kuyambira 2017, a mlombwa kuyambira 2023.